Pengwini sanapite ku msonkhano

Alendo opita ku chilumba cha South Georgia amalipira madola masauzande ambiri, n'kusanza masiku angapo m'sitima ya pamadzi, kuti akaone mbalame zosauluka zotchedwa pengwini. Asanatsike amawakwechetsa nsapato ndi burashi, n'kuwapisa m'matumba kuopa kuti abweretsa njere zachilendo. Mu 2018 analengeza kuti makoswe atheratu pachilumbachi, ndiye mlendo aliyense amamuyang'ana ngati khoswe wovala chipewa.

Lamulo likuti munthu atalikirane ndi pengwini mamita 5. Koma pengwiniyo ku msonkhano wa malamulowo kunalibe. Amabwera yekha n'kujompha nsapato ya bwana, bwanayo n'kumabwerera chafutambuyo, kamera ili m'manja. Za fungo la zitosi, timabuku totsatsa ulendowu tili chete. Ku St Andrews Bay, komwe mbalamezi zimadzaza gombe lonse, mphuno imadziwa kuti mwafika maso asanaone kanthu.