Tsabola Wakale wa ku Bicester

Agogo anga aakazi ankasunga kambuzi wouma m'kachitini ka mkaka pansanja ya kukhitchini, pomwe utsi unkamudetsa mpaka kuoneka ngati timakala. Tikanyoza malangizo awo sankakalipa. Ankangoti, "Ndamva, adzukulu anga, tsabola wakale sawawa," kenaka n'kutsinira kambuzi mmodzi wa m'kachitinimo mu ndiwo zathu. Tinkadya mamina ali chuchuchu. Choncho ndinakula ndikudziwa kuti mwambiwu uli ndi kabodza mkati. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti kuno ku England kuli mudzi wathunthu womangidwa pa mwambi umenewu.

Mudziwo ndi Bicester Village, m'dera la Oxfordshire. Ukalitchula dzinalo monga lalembedwera amakuseka. Eni ake amati "Bista", zilembo zinazo ndi zokongoletsa chabe, ndipo munthu wanzeru akanayambira pomwepo kukayika. Unatsegulidwa mu 1995. Mulibe mfumu, mulibe manda, mulibe ngakhale nkhuku imodzi yodutsa. Muli msewu woyalidwa bwino ndi masitolo opitirira 150 mbali zonse ziwiri, komwe makampani a zinthu zodula amatumiza katundu amene wakhalitsa osagulidwa: majekete a chaka chatha, zikwama, nsapato, mawotchi. Kwathu tikanangoti kaunjika. Kusiyana kwake n'kwakuti katunduyu sanavalidwepo ndi munthu, ndipo wogulitsa sakuwa pamwamba pa belo. Amakulandira mwaulemu ngati ndiwe ankhoswe.

Amene anandikokera kumeneko ndi alamu anga. Tonse timagwira ntchito ya usiku kosamalira okalamba, ndipo nzeru zambiri zoipa zimabwera cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, agogo onse atagona.

"Alamu," anatero akundionetsa foni, "mawotchi a ku Switzerland agwa. Akungotaya."

Ndinali ndi wotchi kale, Casio F-91W yakuda, ya pulasitiki, imene sinandinamizepo. Koma tisanamizane, wotchi yodula sagulira kuona nthawi. Nthawi ili pa foni, ili pa mayikulowevu, ili pa basi, ili pakhoma la siteshoni iliyonse. Wotchi yodula amagulira kuti ena awawidwe mtima. Ndi tsabola wothira m'maso mwa anzako. Ineyo anandithira pa phwando la Amalawi la 6 July. Panali bambo wina amene tsiku lonse ankangopinda mkono wa shati, n'kumakanda chibwano chosayabwa, n'kumaloza zinthu zakutali zomwe tonse tinkaziona kale. Ndinabwerera kunyumba maso akuthethetsa.

Loweruka lotsatira tinakwera sitima pa siteshoni ya Marylebone ku London, ulendo wosakwana ola. Zolengeza za sitimayo amazinena m'Chingerezi, m'Chiarabu ndi m'Chitchaina, chifukwa amadziwa amene amabwera ndi ndalama. M'Chichewa sananene kanthu. Chimenechi chinali chizindikiro chachiwiri, nachonso ndinachilumpha.

M'sitimamo ndinafunsa funso limene mpaka lero ndimaliona lanzeru. Wotchi imakalamba bwanji? Si usipa woti ungafumbwe. Si mkaka woti usase. Ola la chaka chatha linali ndi mphindi 60, la chaka chino chimodzimodzi. Alamu anandifotokozera kuti chimakalamba ndi nkhope. Kampani ikatulutsa wotchi ya nkhope yobiriwira, ya nkhope yakuda ija yasanduka tsabola wakale. Ikachepetsa kukula kwake ndi mamilimita awiri, yaikulu ija yatha fasho. Koma sangaitsitse mtengo m'masitolo a pa Bond Street ku London, chifukwa bwana amene anaigula mwezi watha pa mtengo wonse angadutse pawindo n'kukomoka. Ndiye amaitumiza kutali, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku London, monga banja lopemphera limatumizira mwana wamkazi kwa azakhali ake zinthu zikavuta. Akakhale kumeneko kaye, anthu a kutchalitchi asaone.

Ena ngakhale kwa azakhali satumiza. Rolex ilibe sitolo yotsitsa mitengo kulikonse padziko; mawotchi ake otchuka umalembetsa dzina n'kumadikira, ndalama zili m'manja, ngati pamzere wa feteleza. Kampani ya Richemont, mwini wa Cartier, IWC ndi Piaget, imene mkulu wake ndi Johann Rupert wa ku South Africa, inachita zoposa apo. M'zaka ziwiri zofika 2018 inagulanso kwa ogulitsa mawotchi ake omwe amene sankayenda malonda, a ndalama pafupifupi mayuro 500 miliyoni, ndipo ambiri inawaphwasula. Anthu anakhala pansi, atavala masuti, n'kugwirizana kuti kuli bwino kuiphwasula wotchi kusiyana n'kuti ine ndi alamu tiivale motchipa. Nkhani imeneyi inayenera kundikwiyitsa. M'malo mwake inandiwonjezera njala.

Sitolo tinalowayo sindiitchula, poti sinandilakwire. Munali fungo la chikopa chatsopano ndi magetsi owala ngati m'chipinda cha opaleshoni. Mtsikana wogulitsa anavala magolovesi oyera, anatsegula galasi ndi kakiyi kolendewera m'chiuno, n'kuika wotchi pa kathireyi ka nsalu yofewa ngati akupereka mgonero. Pa lamba panali kapepala ka mitengo iwiri. Wapamwamba, mapaundi 2,950, unali wodulidwa ndi mzere. Wapansi unali 1,900.

Kamzere kameneko ndi mfiti. Maso anga sanaone 1,900. Anaona 2,950 atagona chagada, wina atamubaya, ine ndili wopambana. Alamu anatulutsa foni n'kuwerengera. "Alamu, mukaigula mwapulumutsa 1,050. Mukaisiya mwaluza 1,050." Ndinayesa kusintha mtengowo m'makwacha, maziro atayamba kuchuluka ndinasiya. Mawu ena mumtima ananong'ona kuti amenewa ndi malata a nyumba ya amayi. Ndinawauza kuti adikire panja.

Mtsikana uja anaitembenuza. Kumbuyo kunali galasi, ndipo mkati munkaoneka timagudumu ta mano, timiyala tofiira, ndi kagudumu kena kogunda uku ndi uku mofulumira ngati mtima wa mpheta. Pamwamba pa zonsezo panali kachitsulo kooneka ngati theka la mwezi, kozungulira kokha ukapendeketsa dzanja. Anati wotchiyi ilibe batire. Kachitsuloko kakamazungulira kamakunga sipuling'i, sipuling'iyo ndiyo imayendetsa mivi. Ikakhala pamkono imadya kuyenda kwako. Anandimanga, n'kundikankhira kalilole. Mkono umene ndinaona m'kalilolemo sunali wosintha matewera a okalamba. Unali mkono wosayina macheke.

Ndinalipira pa kirediti kadi. Makina aja analira kamodzi, mwachimwemwe.

Kunyumba ndinalowa chikwama chili patsogolo. Mayi a ana anamvetsera nkhani yonse osandidula, zomwe zinayenera kundichenjeza.

"Ndiye mwapulumutsa zingati, bambo?"

"1,050."

"Zikomo kwambiri. Ikani patebulopa, ndikalipire gasi."

Ndinafotokoza kuti ndalamazo si zooneka ndi maso. Anandifunsa ngati Loweruka likubwerali ndingapitenso kukagula ziwiri, kuti tipulumutse zokwanira lendi. Kenaka anakagona. Mpaka lero akafuna kundipweteka satukwana. Amangoti, "Funsani bambo anu, ndi amene amadziwa kupulumutsa."

Kuwawa kwenikweni kunayamba Lolemba. Kuntchito kwathu, monga m'zipatala za kuno, lamulo ndi lakuti kuyambira pachigongono kutsika mkono ukhale wopanda kanthu, kuopa kufalitsa matenda komanso kukanda khungu la okalamba. Wotchi ya pamkono saloleza. Lamuloli ndinkalidziwa bwino lomwe, ndakhala ndikulitsatira zaka zambiri, Casio ili m'thumba la yunifomu. Koma ku Bicester silinandifikire m'mutu ngakhale kamodzi. Ndiye wotchi yodya kuyenda kwa mkono inayamba kugona mu dirowa mausiku asanu pa sabata. Sipuling'i yake imasunga mphamvu ya maola pafupifupi 38. Ukaivula Lamlungu usiku, Lachiwiri lisanafike masana yafa.

Alamu anali ndi yankho, monga mwa nthawi zonse. Kuli kabokosi ka magetsi komwe umaikamo wotchi, n'kumaizunguza pang'onopang'ono usiku wonse kuti isaime. Ndiye kuti ndilembe mlezi wa wotchi. Mwana wanga woyamba analeredwa pamsana ndi chitenje, osalipira magetsi, ndipo akuyenda bwinobwino mpaka lero.

Ikakhala kuti ikuyenda, imathamanga. Pa sabata imatsogola ndi pafupifupi mphindi imodzi. Ndinapita nayo kwa mkulu wina wokonza mawotchi m'kashopu kopapatiza pafupi ndi msika, wa kagalasi kokulitsa zinthu kolendewera pachipumi. Anaiika pa makina omvetsera kugunda kwake n'kunena kuti ili bwino kwambiri. Anati ngakhale mawotchi amene apambana mayeso a bungwe la COSC ku Switzerland amaloledwa kutsalira masekondi 4 kapena kutsogola masekondi 6 pa tsiku. Pa tsiku! Casio yanga, imene mtundu wake unatuluka mu 1989 ndipo sunasinthe nkhope mpaka pano, imalonjeza kusaphonya masekondi opitirira 30 pa mwezi wathunthu, batire limodzi n'kukhala zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Uyo ndiye tsabola wakale weniweni, ndipo palibe anamutumiza kwa azakhali.

Mkuluyo anayang'ana kumbuyo kuja n'kumwetulira. Anati injiniyo amaidziwa ngati chikhatho chake. Mawotchi ambiri a ku Switzerland a mitengo yapakati amayendera makina ogula ku kampani ya ETA kapena ya Sellita, kampani n'kungozokota dzina lake pa kachitsulo kozungulira kaja. Injini yomweyo imapezeka m'mawotchi otchipa kwambiri kuposa yanga. Ndi injini yabwino, anatero, yolimba, zipangizo zake sizisowa. Ndinamva ngati munthu amene wauzidwa kuti mkazi amene anamulipirira ng'ombe khumi ali ndi amapasa ake kutsidya amene anapita ndi mbuzi ziwiri. Pomaliza anandikumbutsa kuti mafuta a mkatimo amauma, ndipo pakatha zaka zisanu kapena kuposerapo pang'ono iyenera kuphwasulidwa yonse, kutsukidwa ndi kuthiridwa ena. Mtengo wake ndi mapaundi mazana angapo. Ndinafunsa ngati ntchito imeneyonso ili ndi mudzi wake wotsitsa mitengo. Anaseka mpaka kagalasi kanagwera pamphuno.

Zonsezi ndinazipirira chifukwa 6 July inali kubwera. Tsabola ndinali naye, otsala anali maso.

Tsikulo ndinavala shati ya mikono yaitali n'cholinga choti ndiipinde. Ndinakanda chibwano. Ndinaloza komwe kunali nsima, ngakhale aliyense ankaiona. Ndinapereka moni wa dzanja lamanja, lamanzere litagwira chigongono mwaulemu wonse wa kwathu, ulemu umene sindinauonetsepo chibwerereni kuno. Palibe anaona. Anthu ankakamba za mtengo wa matikiti a ndege ndi za chambo chouma chimene wina anabweretsa. Mayi wina anandifunsa nthawi, mtima wanga unadumpha, ndinamuuza mokweza, iye n'kutulutsa foni kuti atsimikize.

Kenaka anafika bambo uja. Anandigwira dzanja, analitembenuza ngati akusankha tomato, n'kugwedeza mutu mokoma mtima.

"Aa, achimwene, iyi ndi ija anasiya kupanga. Ku Bicester eti? Munaipeza bwino. Anakuchotserani zingati?"

Amene sadziwa mawotchi sanaione. Amene amadziwa anaona ndi kapepala ka mitengo komwe, ngakhale ndinakataya kalekale. Mwambi uja unakwaniritsidwa pamaso panga, pa munthu yekhayo amene ndinkafuna kumuliza. Koma agogo nawonso sananame ndi kachitini kawo, chifukwa pa 28 mwezi uliwonse kalata ya kirediti kadi imafika, ndipo amene amadya ndiwozo mamina ali chuchuchu ndine.

Chaka chatha ndinapita kumudzi. Kumeneko, ndinaganiza, tsabola aliyense ndi watsopano. Ndinavala ya ku Switzerland pamkono, Casio ili m'thumba poti ndiyo ndimaikhulupirira pa nkhani ya ndege. Madzulo ena tili pakhonde magetsi atazima, malume anafunsa nthawi. Ndinapendeketsa mkono ku mwezi, osaona kanthu. Ndinatulutsa Casio, ndinadina kabatani, kanayaka.

Tsiku lotsanzikana anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Mphwanga, wotchi ija undisiyire."

Malume sakanizidwa. Ndinayamba kumasula lamba manja akunjenjemera, ndikuwerengera mumtima miyezi ya ngongole yotsala, komanso mwina, pansi penipeni, ndikumva kupepukidwa.

"Iyayi, osati chitsulo cholemeracho. Chimenecho ndingathyoke nacho dzanja polima. Ndikunena ija yoyaka usiku, yolira m'mawa."

Ndinabwerera ku England ndi wotchi imodzi. Loweruka lililonse ndimaitulutsa mu dirowa, ndimaipukusa, ndimaikonza nthawi poyang'ana pa foni, n'kupita nayo kukagula ufa ndi matemba kushopu ya zakudya za ku Africa. Lero ndi Lachinayi. Ndangoisuzumira kumene, ikuti 11 koloko ya Lachiwiri.