Kodi 24 wa pa batire ndi wa chiyani?

Ndithandizeni anzanga, mwina inu anakufotokozerani. Munthu ali ku Ohio uko, akusamala Chevrolet yake ya m'zaka za m'ma 1960, ndipo batire yafa. Akafika kusitolo, wogulitsa samufunsa kuti akufuna moto wochuluka bwanji. Amangotsegula buku n'kunena kuti, “Yanu ndi ya gulu 24.” Mnzake wa Ford Mustang ya zaka zomwezo amauzidwa kuti yake ndi 24F. Onse amalipira n'kumapita. Koma 24 ameneyu ndi wa chiyani? Mavolti ayi, pakuti batire zonsezi ndi za mavolti 12. Ndi miyezi imene ikhale isanafe? Ndi makilogalamu? Nanga F walowapo bwanji?

Akatswiri amati manambalawa amaperekedwa ndi bungwe la Battery Council International, ndipo sanena za mphamvu ayi. Amanena za bokosi lenilenilo: kutalika kwake, kutambalala kwake, msinkhu wake, ndi pamene pakhala timitu tiwiri tija amakaniko amati mateminolo. Chabwino, ndiye kuti zili ngati nambala ya nsapato. Gulu 24 ndi lotalika masentimita pafupifupi 26, gulu 27 limapitirira pang'ono masentimita 30. Mpaka apa mutu ukuyenda. Koma nsapato ya 9 simachepa kuposa ya 8, pamene batire ya gulu 75 ndi ya masentimita 23 okha, yaifupi kuposa 24 ija. Amene ankagawa manambalawa ankawerenga kuchokera kuti?

Za F zija amati n'zosavuta. Ikani batire patsogolo panu, timitu tikhale mbali yanu. Ikakhala 24, pozitivi ali kumanzere. Ikakhala 24F, ali kumanja. Basi. Ine ndimati, bwanji osangoitembenuza? Koma mukaitembenuza, timitu timathawira m'mphepete mwa kutali. Kufakitale anadula mawaya aja mongokwanira, ndiye wina amatsala chala chimodzi kuti afike, winayo amakhuzika pachitsulo. Anthu ambiri amati F akuimira Ford. Nanga n'chifukwa chiyani 24F yomweyo lero ikupezeka mu Toyota? Gulu 34 likatembenuzidwa timitu amalitcha 34R, osati 34F. Magulu 25 ndi 35 ndi ofanana kukula, amangosiyana mbali ya pozitivi, koma pamenepa sanaikepo chilembo chilichonse, anangosintha nambala. Nkhani imodzi, njira zitatu zoinenera. Ndani anavomereza zimenezi?

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Sitata yamagetsi ya Charles Kettering inayamba pa Cadillac ya 1912, ndipo patapita nthawi magalimoto a ku America anakhazikika pa mavolti 6. Batire yotere mumaidziwa ndi tizivindikiro titatu pamwamba, chifukwa chipinda chilichonse cha mtovu ndi asidi chimapereka mavolti 2 ndi pang'ono. Ya mavolti 12 ili ndi tizivindikiro 6. Mainjini a V8 atayamba kupanikiza kwambiri mpweya ndi petulo, anafuna sitata yamphamvu ndi moto wokwanira m'mapulagi, choncho makampani anasamukira ku 12. Izi ndikuzimva. Chimene chikundizunguza n'choti sanasamuke limodzi. Cadillac, Oldsmobile ndi ma Buick ena anasintha mu 1953. Chevrolet ndi Pontiac anadikira mpaka 1955, Ford ndi Chrysler mpaka 1956. Ndiye kuti mu 1954 kampani imodzi ya General Motors inkagulitsa Cadillac ya mavolti 12 ndi Chevrolet ya mavolti 6. Cadillac ikafa moto pamsewu, mwini Chevrolet wapafupi akanamuthandiza ndi chiyani?

Palinso mabatire aatali, oonda, amene ankagona m'mbali mwa injini ya Buick ndi anzake. Ya gulu 2E ndi ya mavolti 6. Ya gulu 3EE ndi ya mavolti 12. Zonse ndi zotalika masentimita pafupifupi 49, kutambalala 10 kapena 11. Munthu wosawerenga tizivindikiro akhoza kuika ya 12 pamalo a ya 6, ikalowa bwinobwino, kenaka mababu ndi wailesi n'kupsa. Zinthu zosayenera kusinthanitsidwa anazipangiranji zofanana chonchi?

Tsopano apa ndi pamene ndikupempha kuti tiyende pang'onopang'ono. Tonse tinaphunzira kuti waya wa negetivi ndiye umamangidwa kuchitsulo cha galimoto, uja amati earth. Ndinkayesa ndi lamulo la magetsi enieniwo. Komatu ayi. Ford Model T inali ndi negetivi kuchitsulo. Model A itabwera, ya 1928, Ford anamanga pozitivi kuchitsulo, ndipo anapitiriza choncho mpaka magalimoto a 1955. Mu 1956 anabwereranso ku negetivi. Chrysler, Dodge ndi Plymouth za mavolti 6 nazo zinali za pozitivi kuchitsulo. Chevrolet ya zaka zomwezo, negetivi. Mukafunsa odziwa, wina amati pozitivi kuchitsulo inkachepetsa dzimbiri m'mawaya. Wina amati inkathandiza moto wa m'mapulagi. Ngati n'zoona, a Chevrolet ankaikaniranji kwa zaka zonsezo? Ngati si zoona, a Ford anaisungiranji zaka zoposa 25? Magalimoto onsewa ankalira, ankayenda, ankafika ku Chicago ndi ku Los Angeles. Ndiye magetsiwo amasamala za mbali, kapena amene ankasamala ndi anthu okha?

Kuyenda amayenda mbali iliyonse, akutero, malinga ngati galimoto yonse yagwirizana. Vuto ndi kuphonya. Galimoto ya jenereta mukailumikiza mosemphana, muvi woonetsa kutchaja umaloza chammbuyo ndipo regulator ikhoza kupsa. Ikakhala ya alternator, imene Chrysler anayamba kuika pa Valiant ya 1960, ma diode a mkati mwake amapsa nthawi yomweyo. Chotetezera munthu kuti asaphonye n'chiyani? Kamutu ka pozitivi ndi konenepa pang'ono, mamilimita pafupifupi 17 ndi theka, pamene ka negetivi ndi pafupifupi 16. Milimita imodzi ndi theka basi, pa mtovu wofewa, ndi chogwirira chimene munthu angachikanule ndi sikurudiraiva. Mtundu wofiira wa waya musaudalire, chifukwa pa galimoto ya zaka 70 mawaya asinthidwa kangapo ndi manja osiyanasiyana. Kodi sakanapanga kamutu kena kamakona anayi?

Chinanso. Magalimoto a mavolti 6 ali ndi mbiri yoti amavuta kulira, sitata imachita kukoka mwaulesi. Koma sitata ya mavolti 6 imafuna magetsi oyenda m'waya ochuluka pafupifupi kawiri kuposa ya 12 kuti igwire ntchito yomweyo, n'chifukwa chake mawaya ake oyambirira anali onenepa kwambiri. Mawaya ambiri a m'masitolo a lero ndi oonda, opangidwira mavolti 12. Munthu amaika amenewa, injini imakana, iye n'kumanena batire. Ena amafika pogula ya mavolti 8, imene imafuna kuti regulator isinthidwe ndipo imafupikitsa moyo wa mababu. Wolakwa ndi waya, wolangidwa ndi batire. Wogulitsa wayayo bwanji sanafunse kuti ukupita pa galimoto ya chaka chiti?

Msinkhu nawo si nkhani yamasewera, ndipo pano mtima wanga sukhala m'malo. Batire ya Model A ili pansi pa thabwa lopondapo dalaivala. Ya Corvette ya 1968 mpaka 1982 ili kuseri kwa mpando. Zina zili pafupi kwambiri ndi boneti. Batire ikatalika msinkhu pang'ono chabe, kamutu kamagunda chitsulo, moto umathetheka, ndipo batire imene ikutchajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika n'kumwaza asidi kumaso. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, General Motors anachotsa timitu pamwamba n'kuika mabowo a mabawuti m'nthiti mwa batire, magulu a 75 ndi 78 aja, ati kuchepetsa dzimbiri. Mawaya ojampira amavuta kugwira pa timabawuti timeneti. Ford ndi Chrysler sanatsatire. Ngati inali nzeru, anaisiyiranji? Ngati sinali nzeru, General Motors anakhala nayo bwanji zaka makumi?

Ndiye pali langizo limene lili m'mabuku ambiri a galimoto: pochotsa batire, yambani kumasula negetivi. Chifukwa chake n'chomveka. Waya wa kuchitsulo ukachoka, sipanala ikagunda thupi la galimoto pamene mukumasula winayo, palibe chimene chimachitika. Koma langizoli likuganiza kuti waya wa kuchitsulo ndi negetivi. Mnyamata amene waphunzira bwino ntchito yake, womvera, akaima pa Ford ya 1950 n'kuchita ndendende zimene anamuuza, sipanala yake ili pa waya wamoyo, winayo akadali womangidwa kuchitsulo. Dzanja likangoterereka, sipanala imathetheka pamwamba penipeni pa batire. Pa chikwangwani cha batire alembapo gulu, mphamvu yoliza injini m'chisanu, ndi miyezi ya chitsimikizo. Nanga mnyamatayu amuuze ndani kuti ayambe watsatira waya ndi maso, aone kumene wathera, asanagwire sipanala?