Chilangizo cha Atsibweni kwa Mphwanga Woyamba Kabaza ku Balaka

Mphwanga, ndamva kwa mayi ako kuti wagula njinga ya kaliyala ndipo Lolemba ukuyamba kabaza padepoti. Wachita bwino. Ndalama yokuonjezera ndilibe, penshoni ya uphunzitsi imathera m'njira isanafike m'thumba, koma malangizo ndili nawo odzaza nkhokwe. Khala pansi, ndipo usandidule pakamwa.

Choyamba udziwe amene azikugwirira ntchito. Iwe ukuyesa kuti kasitomala amanyamulidwa ndi miyendo yako. Miyendo imangopalasa. Iwe, njinga, mayi wapakaliyala ndi thumba lawo la malambe, nonsenu mwakhalira mpweya wa m'chubu. Mpweyawo ndi khwimbi la tinthu ting'onoting'ono totchedwa mamolekyulu, touluka mbali zonse popanda wotiuza kopita, tikuwombana tokhatokha ndi kumenya khoma la chubu. Kumenya kumeneko ndiye kulimba kumene umayesa ndi chala m'mawa. Daniel Bernoulli wa ku Switzerland analemba zimenezi mu 1738, anzake osamulabadira kwa zaka zoposa 100. Ine ndimawatchula anyamata a m'chubu. Salandira malipiro, sapita kumaliro, sadwala Lolemba.

Usayese kuwalemba m'kaundula. M'kabokosi ka sentimita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu womwe, mpweya wa pa Balaka pano muli anyamata oposa 2 wotsatidwa ndi maziro 19. Anthu onse 17.5 miliyoni amene anapezeka pa kalembera wa 2018 atasiya kulima, kugona ndi ndale, aliyense n'kumawerenga mmodzi pa sekondi, angamalize patapita zaka pafupifupi 40,000. Ndiye akatswiri anachita zimene amachita mphunzitsi wa Sitandade 1 wokhala ndi ana osawerengeka pansi pa mtengo: anasiya kufunsa maina, n'kumayang'ana khalidwe la gulu. Nzeru imeneyi anaitcha statistical mechanics. Za molekyulu imodzi sungalosere chilichonse, monga sungadziwe ngati bambo wotsika sitima uja akwera njinga yako kapena ayenda wapansi. Koma za gulu lonse ukhoza kulumbira: sitima ikaima pasiteshoni, a kabaza adya.

Chachiwiri, thamanga kwambiri, koma usafike. Anyamatawa amathamanga pafupifupi mamita 500 pa sekondi. Akanakhala ndi msewu wawowawo, kuchoka pa Balaka kukafika pa Liwonde ikanakhala nkhani ya mphindi imodzi. Katswiri wina wa ku Netherlands, Buys Ballot, atamva za liwiro limeneli anafunsa funso la munthu wanjala: ngati zili choncho, bwanji fungo la chakudya limachedwa kudutsa m'chipinda? Rudolf Clausius anamuyankha mu 1858 kuti mnyamata aliyense sapita patali asanagundane ndi mnzake. Tsitsi lako limodzi utaling'amba ka 1,000 m'kunenepa kwake, kachidutswa kamodziko ndiye ulendo wake wonse, kenaka phwa! wabwerera, phwa! wakhotera kumanzere, mabiliyoni angapo pa sekondi. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo sanaone n'komwe molekyulu. Fungo la kanyenya likakupeza msanga padepoti, thokoza kamphepo kamene kalinyamula. Palokha likanakupeza makala atazima. Iwenso tsiku la msika udzatuluka thukuta tsiku lonse, belu ngiringiri, kuzemba mbuzi, ngolo ndi amayi a tomato, madzulo n'kupezeka pomwe unayambira. Usadzadandaule. Ndi sayansi.

Chachitatu ndi cha pampu, ndipo apa tchera khutu chifukwa ndinalipirapo khungu la pabondo.

Ukamapopa, ukupanikiza anyamata ambiri m'malo ochepa. Robert Boyle anapeza mu 1662 kuti mpweya ukaufinyira m'theka la malo ake, kutentha kusasinthe, umakankha kawiri. Kondakitala aliyense wa minibasi ya ku Mangochi amalidziwa lamuloli ngakhale sanamvepo za Boyle: mpando wa atatu ukakhala anayi, kenaka wachisanu pamiyendo, zigongono zimenya zenera pafupipafupi. Kusiyana kwake n'kwakuti kondakitala amakhulupirira kuti minibasi sidzaza, pomwe chubu chili ndi maganizo ake. Gwiranso pampu kumunsi ukamaliza, upeza yatentha. Nthawi iliyonse ukatsitsa chogwirira, mkatimo mukumenyedwa anyamata ngati mpira womenyedwa ndi phazi lobwera, amabwerera ndi liwiro loposa limene anadza nalo. Liwiro lawo ndiye kutentha. Palibenso china.

Imva tsono. Chaka china mwezi wa Okutobala ndinali ndi ulendo wa ku Ulongwe pa njinga yanga yakale. M'mamawa kukuzizira ndinapita kwa mnyamata wina womata machubu pansi pa mtengo, ndikumuuza kuti apope mpaka tayala lilire ngati ng'oma. Iye anati, "Madala, dzuwa la lero silabwino, tisiyeko pang'ono." Ine mphunzitsi wa sayansi ndinamuyankha kuti agwire pampu, za nyengo asiyire a pawailesi. Cha m'ma 1 koloko phula likunyezimira ngati mafuta a m'chiwaya, thumba la chimanga lili pakaliyala, ndinangomva phuu! Agalu a m'mudzi wonse anauwa. Ndinakankha njinga mtunda wautali ndikuwerengera m'mutu zimene ndinkaphunzitsa ana anzako. Kutentha kwenikweni sikuyambira pa ziro wa madzi oundana, kumayambira pa madigiri 273 kunsi kwake. Choncho m'mawa wa madigiri 20 ndi 293, tayala lowotchedwa ndi phula kufika pa 50 ndi 323. Kukankha kwa mpweya kwakwera ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Kwa tayala latsopano si kanthu. Kwa langa lija, lomangidwa ndi mphira pawiri, linali tsiku lachiweruzo.

Ndiye malangizo anga ndi awa: ngati ukufuna kudziwika boma lonse tsiku limodzi, popa kwambiri m'mawa, uimike njinga padzuwa, udikire kasitomala wovala suti.

Ndipo ukamva anthu akudandaula kuti Balaka kwatentha, uwauze kuti achepetse phokoso. Kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 40, anyamata a mumpweya amangoonjezera liwiro ndi magawo atatu okha pa 100. Kugona pakhonde konseku, kusamba katatu, kuyang'ana kumwamba ngati mvula ili ndi ngongole yathu, n'chifukwa cha atatu pa 100. Uwauze utakwera kale njinga, phazi lili papedulo.

Chachinayi, konda avareji monga amaikondera a malipoti. Tikati kwatentha madigiri akutiakuti, tikunena avareji ya mphamvu za anyamatawa. Mu 1860 James Clerk Maxwell wa ku Scotland anaonetsa kuti sathamanga mofanana: ochepa amangozyolika, ambiri ali pakatikati, ena ochepa ndi ziwanda zenizeni. Kugundana kumasinthitsa, wothamanga pano ndi wofooka posachedwa, koma kagawidwe ka gulu lonse sikasuntha. Kumeneko kokha ndiye kumene mpweya umatiposa chilungamo, chifukwa kwathu kuno wokhala pamwamba sagundidwa. Bwana akadya nkhuku yathunthu mlonda n'kugona ndi njala, lipoti lidzati aliyense wadya theka. Iwenso madzulo mkazi wako akafunsa ndalama ya ndiwo, umuuze kuti pa avareji a kabaza a pa Balaka apanga bwino lero. Undiuze zimene adzayankhe.

Ochepa othamanga aja usawapepule. Pita ukamwe madzi a mumtsuko wa agogo ako masana a Novembala, ndi ozizira ngati a m'fuliji ya sitolo. Dothi la mtsuko limatuluka thukuta, ndipo pa madzi apakhungu lakewo amene amatha kuthawira mumpweya ndi othamanga okhaokha. Otsala avareji yawo imatsika, mtsuko n'kuzizira. Ukafuna kuona zomwezi pa anthu, yenda midzi ya ku Machinga ndi kuno kwathu uwerenge anyamata amphamvu amene anakwera basi ya ku Johannesburg. Mudzi umazizira ndithu.

Chachisanu, usavutike ndi kukonza m'nyumba. Anthu 10 atakwera minibasi aliyense n'kusankha mbali mwachisawawa, mwayi woti onse akhale kumanzere ndi umodzi pa 1,024. Akakhala 20, umodzi pa miliyoni ndi kanthu. Nanga anyamata a maziro 19 aja? Palibe lamulo loletsa mpweya wonse wa m'chipinda chako kusonkhana pakona imodzi iwe n'kukomoka pamphasa, koma njira zobalalikira n'zochuluka kwambiri kuposa njira zosonkhanira, mwakuti ukhoza kugona mtima uli m'malo. N'chifukwa chake utsi wa mbaula subwerera m'makala, mpweya wotuluka pa chubu choponja sulowanso wokha, nyemba zosakanizika ndi chimanga m'lichero sizidzipatula ngakhale upete mpaka mawa. Madzi akatayika sawoleka. Ludwig Boltzmann wa ku Austria anangowerengera chifukwa chake mu 1877. Muyeso wa kubalalikaku dzina lake ndi entropy, ndipo samu yake, S = k log W, inalembedwa pamwala wa manda ake ku Vienna. Akuluakulu ena a nthawi yake, monga Ernst Mach, ankakana zoti maatomu alipo, poti palibe anawaonapo. Boltzmann anamwalira mu 1906, ndipo patangopita zaka ziwiri kapena zitatu Jean Perrin wa ku France anayeza kunjenjemera kwa tizidutswa toyandama m'madzi, monga Albert Einstein analosera mu 1905, otsutsa ambiri n'kugonja. Phunziro lake kwa iwe: kasitomala wokana kulipira umutsutse akadali pakaliyala, chifukwa chilungamo chimakonda kufika pa tsiku la sadaka.

Pomaliza, samala ndi munthu wapageti. Mu 1867 Maxwell yemwe uja anaganizira kamlonda kakang'ono koima pakhomo la pakati pa zipinda ziwiri za mpweya, kotsegulira othamanga kuti apite uku, ofooka apite uko. Posakhalitsa chipinda chimodzi chikanatentha, china n'kuzizira, popanda makala kapena magetsi: kuphika nsima kuchipinda, kuziziritsa thobwa pabalaza, ulere. Akatswiri anazunguzika nako zaka zoposa 100, mpaka Rolf Landauer mu 1961 ndi Charles Bennett mu 1982 anaonetsa pamene pali chinyengo. Kamlondako kayenera kukumbukira amene kaona, ndipo kakadzaza m'mutu kayenera kufufuta, kufufutako kumadya mphamvu. Mwachidule, mlonda adyapo. Zaka 100 za masamu kuti apeze zimene aliyense wodutsa pageti ndi katundu amadziwa, kuti mawu oyamba ndi "Mwatisungira chiyani, bwana?"

Loweruka ndikubwera kumsika kudzagula nsomba zouma ndi mpando wandalema. Udzandipeze cha m'ma 11, tayala lakumbuyo ulisiyeko pang'ono. Za malipiro usavutike mtima, ena onse a tsikulo adzakhala atalipira, ndiye pa avareji inenso ndidzakhala nditapereka.