Okushoni ya ku Randburg

Randburg, Johannesburg

Achimwene,

Ine ndadzuka bwino, kupatula msana. Ndati ndikudziwitseni kuti mng'ono wanu wayambiranso ulimi wa fodya kuno ku Joni, kungoti fodya wake ndi wozungulira, wonyezimira, ali ndi kabowo pakati.

Loweruka lina madamu anandiitanira kugalaja n'kundiloza makatoni odzaza ndi ma DVD, ma CD ndi magemu a mwana wawo uja anapita ku Australia. Akuti, "Tenga, kaya utaya kaya ugulitsa, zili kwa iwe." Ine mawondo anachita kugundana. Maganizo anathamangira ku vidiyo sho ya pa Nachisaka paja, pomwe chimbale chimodzi chokha cha Rambo chinkadyetsa banja lonse mpaka chitayamba kudumpha pamalo pomwe ndewu yafika pokoma. Nanga ine ndi makatoni onsewa? Mumtima ndinati basi, chaka chino malata akwera.

Usiku womwewo ndinayala chitenje pansi n'kuyamba kugiredi. Masamba apamwamba anali magemu a PlayStation. Apakati, mafilimu a zibakera, a Jackie Chan, a Van Damme, ndi Mr Bones wa Leon Schuster amene kuno sanasiyebe kumuseka. Apansi penipeni, aja amakhudza dothi aja, nyimbo za Chibunu ndi chimbale china cha mzimayi amene amangodumphadumpha m'chipinda kwa ola lathunthu popanda womuthamangitsa. Madamu akuti n'chochepetsera thupi. Ndinachionera mpaka kumapeto poyembekezera kuti mwina kubwera achifwamba, koma ayi ndithu. Chimbale chilichonse ndinachipukuta ndi malaya anga a kutchalitchi, n'kuchiunika pa getsi kufufuza zokanda monga mmene inu mumafufuzira chuku. Ndipo musamati chinyengo choika zinyalala pakati pa belo n'cha alimi a ku Dowa okha. M'chikuto cha Titanic ndinapezamo chimbale chophunzitsa kuphika makeke.

Lolemba ndinasenza belo loyamba kupita kusitolo ina yogula katundu wakale. Mu takisi anandilipiritsa mpando wa katoniyo, thiransipoti ya fodya imeneyo. Mnyamata wa pakauntala anachita ndendende ngati ogula a ku Kanengo: kuyenda osaima, kuyang'ana cham'mbali, nkhope ngati wamva fungo. Mtengo umene anatchula wa katoni yonse sukanakwana nkhuku ya pa Khirisimasi. Nditadandaula anandifunsa ngati ndikudziwa munthu amene akadali ndi deki m'nyumba. Akuti anthu kuno amaonera Netflix ndi YouTube pa foni ndi pa TV, ndipo ngakhale masitolo a Musica amene ankagulitsa zimbalezi zili zatsopano anatsekedwa onse mu 2021. Belo labwezedwa, achimwene! Ndinalipiranso mpando pobwerera.

Amene anandiphunzitsa njira ina ndi mnyamata wa ku Mponela amene amasamala maluwa panyumba yoyandikana nafe. Akuti okushoni yeniyeni ili pa foni, pa Facebook Marketplace. Umajambula katundu wako, n'kulemba mtengo ndi dera, basi n'kumadikira. Ilipo misika ina ya pa intaneti monga Gumtree ndi Bob Shop, koma iye anati tiyambire pomwe aliyense ali kale. Tinayala zimbale pa kapinga wa madamu kuti zioneke za pabanja lolemera, n'kujambula.

Apa ndiye ndaona malodza. Ku Kanengo wogula ngakhale akupondereze, nkhope yake umaiona, ndipo ukafuna kumutukwana mumtima umadziwa womutukwana. Kuno foni imalira pakati pa usiku, munthu n'kulemba kuti, "Kodi zilipobe?" Iwe n'kudzuka, n'kuyankha mwaulemu kuti zilipo bwana. Zii. Munthu uja wasowa. Mawa wina, "Kodi zilipobe?" Zilipo. Zii. Ndafika poganiza kuti mu Johannesburg muli kagulu kolembedwa ntchito yongoyendera katundu wa anthu kuona ngati ali moyo. Wina anafunsa mtengo womaliza asanafunse n'komwe kuti ndi filimu yanji. Wina anafuna kusinthanitsa ndi nsapato imodzi ya mpira, akuti inzakeyo aipeza.

Kenaka kunabwera wogula weniweni, mayi wa ku Polokwane, wofuna chimbale chimodzi cha R20. Ndinavina. Koma chimbale sichiyenda chokha. Kuno katundu wotere amatumiza pa PAXI, umakasiya kusitolo ya PEP iye n'kukatengera ku PEP ya kwawo, ndipo mtengo wake umapitirira R50. Ndinakhala pansi kulemba seloshiti: kuchotsa potumizira, kuchotsa bandulo ya intaneti, kuchotsa takisi. Pansi pake panatsala ngongole. Ndinakukumbukirani chaka chija munabwera kuchokera ku Lilongwe ndi kapepala m'thumba ndi buledi mmodzi m'manja, ife tikudikira njinga.

Mavenda a sikelo yobera aliponso. Wina ananditumizira uthenga wooneka ngati wa kubanki, wonena kuti ndalama zalowa, n'kuti dalaivala wake ali m'njira kudzatenga magemu onse. Mwayi wake mnyamata wa ku Mponela anali pomwepo. Anati uthenga si ndalama, aliyense atha kuulemba. Tsopano lamulo langa ndi lakuti tikumane masana pa filing'i siteshoni, ndalama m'dzanja ili, chimbale m'dzanja ilo.

Zina zayenda ndithu. Magemu a magalimoto anagulidwa msanga ndi bambo wina amene mwana wake ankamukoka malaya. Koma gemu ya mpira ya FIFA palibe woifuna. Ana akuno akuti ndi yakale, Messi akusewerabe mu Barcelona pomwe anachokako mu 2021. Fodya wogonera chaka, ameneyo. Ndinawauza kuti kwathu mpira umodzi timausoka mpaka utatha zikopa, koma anangondiyang'ana. Chimene chandizunguza mutu ndi ichi: pansi pa katoni ina panali mbale zikuluzikulu zakuda zija za galamafoni, zimene ndinkati ndizivundikirira ndowa. Mnyamata wandevu anachokera ku Pretoria pagalimoto, n'kuzinyamula ngati mazira, kuzinunkhiza, n'kulipira osanenerera. Ndalama yake inaposa ya ma DVD onse amene ndagulitsa. Ndiye kuti kuno chinthu chikakalamba pang'ono ndi chinyalala, chikakalambitsitsa ndi chuma. Muwauze amalume asataye mtima.

Achimwene, madamu sakuchotsa zinthuzi chifukwa cha ukhondo. Nyumba yagulitsidwa. Akutsatira mwana wawo ku Perth, ndipo anandiuza tsiku lomwe lija la makatoni, ine ndili kalikiliki kuwerenga zimbale. Mwezi wamawa ukatha ntchito yatha, ndipo kachipinda ndimagonaka n'kapanyumba pomwepa, ndiye katha nako. Ogula nyumbayo akuti ali kale ndi munthu wawo. Madamu alonjeza kundilembera kalata ya umboni ndi kundifunsira kwa anzawo a kutchalitchi, ndipo ndikukhulupirira kuti atero, ndi munthu wabwino. Koma mapepala anga mukuwadziwa mmene alili. Munthu ukakhala kuseri kwa mpanda suoneka. Ukayamba kuyenda m'misewu kugogoda pa mageti ndi pomwe umakumana ndi galimoto ya apolisi, ndipo mawa lake anthu amamva kuti uli ku Lindela, kudikira kubwezedwa kumudzi.

Choncho ndalama imene nditumize pa Mukuru sabata ino muigwire bwino, mwina padutsa nthawi ndisanatumizenso. Za malata ziiwaleni kaye. Mugule feteleza msanga mitengo isanakwerenso, chifukwa chigwereni kwacha mu November 2023 ndalama ya kuno imaoneka yambiri pa foni pokha, ikafika m'sitolo ya ku Dowa yafota. Yotsalayo ipite ku fizi ya mwana, asabwezedwe teremu ino. Akabwera anthu ndi nkhani ya ngongole yanga ya kubanki m'khonde, muwauze adikire mwezi umodzi, sindinathawe. Amayi musawauze chilichonse. BP yawo ija sifuna nkhani zotere, ndipo mankhwala awo asathe, ngakhale zitavuta mugulitse mbuzi yanga yaikazi ija. Mlamu wanu ndimuuza ndekha, musanditsogolere.

Chimbale chimodzi sindinachiike pamsika. Ndi cha Don Williams. Ndinachiyesa m'kawailesi ka kugalaja kuti ndione ngati chili ndi zokanda, ndipo nyimbo itangoyamba ndinaona bambo atakhala pa khonde madzulo, wailesi pa bondo, akusoka chiguduli. Ndinazimitsa. Maliro awo ndinawalirira pa foni, ndipo chiliza ndinalonjeza chija mpaka lero ndi mawu okha. Zimenezi zimandidzutsa usiku kuposa anthu a "zilipobe" aja.

Tsono mundithandize kufufuza msika wa kumeneko. Mukapita pa Nachisaka tsiku la msika mufunse anyamata oonetsa mafilimu ngati alipo amene akugwiritsabe ntchito deki, kapena onse anasamukira ku fulashi ndi memore khadi. Muwauze chilungamo kuti zangazi ndi za Chingerezi chokhachokha, mulibe uja womasulira m'Chichewa amene amachititsa Jackie Chan kuyankhula ngati wa ku Mvera. Akafuna nditumiza ndi anyamata onyamula katundu pa Park Station, koma iwo amalipiritsa malinga ndi kulemera, ndiye asangoti "tumizani tione." Akakana, ndamva kuti zimbalezi ukazimangirira pa chingwe m'dimba zimathwanima n'kumaopseza mbalame. Mwina mzimayi wodumphadumpha uja angapeze ntchito yomuyenera kudimba kwa amayi.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana, ndiponso kwa amfumu. Poyankha mulembe pa WhatsApp ya mnyamata wa ku Mponela uja, nambala yake ndaika kuseri kwa pepalali, chifukwa zikapanda kusintha pofika kumapeto a mwezi foni yanganso ilowa pa okushoni.

Ndine mng'ono wanu.