Mapanga awiri ndi mbuzi ya pa Nguludi Turn-off

Akuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine moyo wanga wonse ndakhala ndikungoti eya. Ndaona amuna a mitala akugona ndi njala nyumba ziwiri zitaphika, mayi aliyense akuyesa kuti bambo adyera kwa mnzake. Umboni wa mwambiwu sunasowepo. Koma mwezi uno mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa Folomu 4 amene mayeso a MSCE amufika m'khosi, wandionetsa kanthu m'buku lake la Chingerezi kamene kali ndi mapanga awiri, kamalowa uku n'kutulukira uko, koma mvula sikaidziwa. Dzina lake akuti participle.

Mkuluyu kwawo ndi kwa mneni, koma ganyu amakagwira kwa mfotokozi. Mneni break ndi kuthyola. Mukamva aphunzitsi akudandaula za a broken desk, liwu lomwe lija lasiya kunena zochitika, layamba kufotokoza desiki, ntchito imene amagwira big kapena old. Komabe za kwawo sanataye. Big sangasenze katundu, pomwe participle amasenza ndithu: carrying a bucket of water on her head, mawu onsewo ndi mtolo umodzi, wotsogolera ndi carrying, ndipo mtolo wonsewo ukufotokoza munthu mmodzi, mtsikana wa chidebeyo. Mtolo umenewu ndi umene olemba mayeso amautcha participial phrase, n'kukuuzani kuti muudule mzere kunsi. Aphunzitsi a Chichewa akanati ndi kapandamneni, ngakhale magazi a mneni ali momwemo. Chimene mtolowu ulibe ndi mphamvu yoima pawokha ngati chiganizo. Mukangoti carrying a bucket of water n'kuika mpumiro, womvera amangoti kukamwa yasa, kudikira kuti ndiye zinatha bwanji.

Pa nkhope savuta kwenikweni kumudziwa. Wina amathera ndi -ing, ameneyo ndi wa zimene mwini wake akuchita. Wina amathera ndi -ed kapena -en, kawirikawiri ndi wa zimene zamugwera mwini wake: boiled, stolen, written. Kenako pali anyamata osavala yunifolomu, built, sung, cut, put, amene muyenera kungowaloweza basi. Mukamupeza atatsatana ndi is, was, has kapena had, musiyeni, ameneyo wabwerera kumudzi kwawo, akugwira ntchito ya mneni. Mwana akamva zimenezi amati zophweka, n'kuyamba kudula mzere kunsi kwa -ing aliyense wamuwonekera. Dzenje lili pomwepo.

Ife a ku Nguludi dzenje limeneli timalilambalala tsiku ndi tsiku. Pa chipatala cha St Joseph's pali sukulu ya anamwino imene aliyense amangoti nursing college. M'chipatala momwemo, ku chipinda cha amayi, mupeza nursing mother pabedi lililonse. Liwu ndi lomwelo. Koma mayiyo akuyamwitsadi, pomwe koleji chimangidwire sinayamwitsepo munthu. La mayiyo ndi participle, la kolejiyo ndi dzina la ntchito, limene mabuku amati gerund. Chichewa sichisokoneza zimenezi. Munthu woyenda ndi ndodo yoyendera n'zosiyana, ka -er- kaja kanagamula kale mlandu. Mngerezi amangoti walking man, walking stick, n'kukusiyani mudziganizire nokha ngati ndodo zimayenda. Choncho funso lopulumutsa ndi limodzi: akuchita zimenezi ndani? Akapezeka woti n'kumuloza chala kuti ndi uyu, mwamupeza participle wanu.

Kufika pamenepa ndinkaona kuti agogo, eni mwambi uja, agonja. Munthu uyu mapanga awiri, chovala chili gwa, chouma.

Zinatembenuka pamene mtsikanayu anandipatsa chimangirizo chake kuti ndione. Aphunzitsi anawauza kuti alembe za ngozi imene anaimvapo, ndipo iye, posafuna kupita kutali, analemba za ine. Nkhaniyo njoona. Tsiku lina ndili pa kabaza wa njinga yamoto, ulendo wa ku Turn-off kukakwera minibasi ya ku Limbe, mbuzi inangoti tulukiru m'chimanga ili pa liwiro la mtondo wadooka, n'kudzandiwomba pa bondo. Ine ndi wakabaza tinakatsakamira m'ngalande, galasi la njinga n'kusweka, mbuzi n'kupitiriza ulendo wake osacheuka. Mwanayo analemba chonchi: Riding a motorbike to Nguludi Turn-off, a goat hit my uncle.

"Iwe, wakwera njinga ndani apa?"

"Si inu amalume?"

"Ine wandiika pati?"

"Kumapetoku."

"Nanga amene watsatana ndi mpatuliroyu ndani?"

Anayang'ana papepala, n'kugwira pakamwa.

Lamulo lake ndi losavuta koma lopanda chisoni. Mtolo umene wayamba chiganizo umagwera pamutu pa mwininkhani, dzina limene lafika mpatuliro utangodutsa. Suwerenga kuti miyendo ndi iwiri kapena inayi. Apa mwininkhani ndi mbuzi. Ndiye malinga ndi zolembedwa, imene inakwera njinga yamoto ndi mbuzi, ine ndinali wapansi, ndikudziyendera m'mbali mwa msewu.

Chiwerengereni chiganizochi mtima wanga sunakhazikike. Mbuziyo inkayendetsa yokha kapena inali pasenja? Ngati inkayendetsa, giya inkasintha ndi chiboda chiti? Za laisensi tisayambe, chifukwa tikati tifunse laisensi pa siteji ya kabaza, mbuzi sikhala yokha yothawa. Chisoti chinalowa bwanji ndi nyanga zija, kapena anachita kuchiboola? Nanga mafuta inawapeza kuti, m'dziko limene ife a miyendo iwiri tagonapo pa mzere wa mafuta mpaka tambala kulira? Ndikuganiza kuti inagula a m'zigubu, pakuti mbuzi sindinaionepo ikudikira chinthu moleza mtima.

Ngati inali pasenja, nkhani ikukulirakulira. Mbuzi pa njinga tonse taziona, koma zimakhala zomangidwa miyendo pa kaliyala, zikulira njira yonse, ulendo wake wa ku msika, wosabwerera. Iyi ndi yoyamba kukhala mowongoka, kunenerera mtengo, n'kuuza woyendetsa kuti aponde ichedwa. Ku Limbe ikukatani? Ndalingalira ndithu, ndipo yankho limene ndapeza ndi lakuti ikukafunsira ntchito. Musaseke. Pano pali yunivesite kuyambira 2006, pamene Catholic University inatsegulidwa m'nyumba zimene kale zinali koleji ya aphunzitsi ya Montfort. Mbuzi zimadya mapepala, zimenezo sitingatsutsane. Mbuzi imene yakulira kuseri kwa mpanda wa yunivesite, ndani akudziwa kuti yameza manotsi a maphunziro angati? Mwina inayamba ndi za chuma, n'kupitiriza ndi malamulo. Kalata yake yofunsira ntchito ndikuiona kale, ikuyamba ndi having completed my studies, kenako mpatuliro, kenako the post suits me, moti amene wamaliza maphunziro ndi ntchitoyo. Pamenepo singakhale yachilendo, makalata otere mabwana amawalandira ambiri ochokera kwa anthu ovala mataye.

Tsono mlanduwu ukafike kubwalo la amfumu. Wa mbuzi yodya mmera nduna zimaudziwa, mwini wake amalipa. Wa mbuzi yogunda munthu ndi njinga yamoto uyambira pati? Mwini mbuzi adzaimirira n'kunena kuti zikomo amfumu, chiweto changa njinga sichiidziwa, ngakhale yakapalasa. Ine ndidzatulutsa bondo. Mwana wa mchemwali wanga adzatulutsa pepala. Mboni ziwiri za banja limodzi zidzatsutsana pamaso pa mudzi wonse chifukwa cha liwu limodzi lothera ndi -ing.

Apa m'pamene ndinawabwezera ulemu agogo. Kukhala mneni ndi mfotokozi nthawi imodzi sikumuvumbwitsa participle. Amavumbwa akakhala ndi eni awiri, wina m'mutu mwa wolemba, wina papepala. Riding anathamangira kwa ine, anapeza ndili kutali kumapeto kwa chiganizo, anabwerera kwa mbuzi, mvula n'kumupeza pakati. Mabuku amamutcha dangling participle, wolendewera.

Chimene chimandiwawa n'chakuti m'Chichewa mwanayu sangalakwitse chotere ngakhale mutamudzutsa pakati pa usiku. Anganene kuti atakwera njinga, mbuzi inawagunda amalume. Akafuna kuti mbuzi ndiyo ikwere, anena kuti itakwera njinga. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi, a- kapena i-, mgwirizanitsi amene anamuphunzira ali kumsana. Liwu lathu limayenda ndi chiphaso cha mwini wake, mukhoza kuliika kulikonse m'chiganizo silisochera. Chilatini, chimene chinkamveka pa Misa mpaka zaka za m'ma 1960, nachonso chimatero, participle wake amasintha kumapeto kuti agwirizane ndi dzina limene akulifotokoza. Chingerezi chakalekale chinali nazo zizindikiro zoterezi, chinazitaya panjira zaka mazana ambiri zapitazo, n'kutsala ndi lamulo la malo: amene wayandikira ndiye mwini. Ndimawaganizira ansembe a Montfort amene anatsegula mishoni ya Nguludi mu 1903, Afalansa ndi Adatchi, amene Chingerezi chinali chobwereka monganso kwa ife. Ndikukhulupirira kuti nawonso anakwezapo mbuzi zingapo pa zinthu zosayenera polembera boma ku Zomba.

Ngakhale eni chiyankhulo amavumbwa. Mu sewero la Hamlet, Shakespeare anabweretsa mzukwa wa mfumu ukufotokoza bodza limene linafalitsidwa la imfa yake, lakuti njoka inailuma ili mtulo m'munda wa zipatso. Koma mmene chiganizocho chinamangidwira, amene ali mtulo ndi njokayo. Papita zaka zoposa 400 anthu akuwomba m'manja. Mwana wa mchemwali wanga akachita zomwezo alandira cholembera chofiira.

Sindikuti Chichewa chilibe zake. Chili napo pamene chimatiponya. Pa Turn-off pomwepo pamakhala mnyamata wootcha chimanga, ndipo chimene amagulitsa ndi chimanga chootcha. Wogwira mbaula ndi wogona pa mbaula onse liwu limodzi. Dzira lowiritsa, mbatata yophika, nsomba yokazinga: sitivutika kunena kuti yokazingidwa, poti aliyense akudziwa kuti nsomba sikazinga munthu. Mngerezi pamenepa ndiye salola. Wogwira chipande atenge -ing, wa m'chiwaya atenge -ed. N'chifukwa chake mwana wathu amaimirira m'kalasi n'kunena kuti I am boring, akufuna kudandaula kuti phunziro lamutopetsa, osadziwa kuti wadziulula yekha kuti wotopetsayo ndi iye. Akuluakulu ena amanenanso zomwezo pa misonkhano, ndipo iwowo sitiwakonza, chifukwa nthawi zambiri amakhala akunena zoona.

Ndikafika apa kuseka kumandithera. Wa mapanga awiri weniweni ndi mwana wa ku Chiradzulu, ena mpaka atatu, poti kunyumba agogo amalankhula Chilomwe kapena Chiyao. Satifiketi ya MSCE imafuna kuti akhoze maphunziro 6, ndipo Chingerezi chiyenera kukhala momwemo. Akachilephera, masamu ndi sayansi zonse zija zimangokhala zokongoletsa pepala. Poopa zimenezi timamuuza kuti Chichewa achisiye pa chipata cha sukulu, m'masukulu ena mpaka kupatsana chilango munthu akangoti zikomo. Kenako timamulowezetsa kuti a participle is a verbal adjective, iye n'kubwereza mokweza, n'kukakweza mbuzi pa njinga. Maganizo anga ndi akuti tikumutulutsa m'phanga limene muli kale moto asanaone khomo la linalo, ndiye tikudabwa kuti wanyowa. Mphunzitsi atangolemba pa bolodi atakwera ndi itakwera, n'kufunsa kalasi kuti kusiyana kwake n'chiyani, ana onse angakweze manja. Kenako n'kuwauza kuti Chingerezi chilibe a- ndi i-, ndiye mwini wa liwulo muzimuika pafupi, atsatane ndi mpatuliro. Having eaten ndi atadya, nditadya, zitadya, musankhe nokha amene wadya ndipo mumuike pompo. Phunziro limene limatha sabata lingathe belu lisanalire. Chingerezi tiyenera kuchidziwa, zimenezo sindikana, ndi chimene chimatsegula maofesi. Chimene ndikukana n'chakuti munthu azichiphunzira ngati kuti asanabwere kusukulu anali wosalankhula.

Mtsikana uja ndinamuonetsa njira ziwiri zotsitsira mbuzi pa njinga. Yoyamba, kundisuntha ine kuchoka kumapeto n'kundiika pafupi ndi mpatuliro: Riding a motorbike to Nguludi Turn-off, my uncle was hit by a goat. Yachiwiri, kumupumitsa participle n'kunena zonse poyera: While my uncle was riding a motorbike, a goat hit him. Anasankha yoyamba, akuti ikumveka yophunzira. Analembanso chimangirizo chonse pa pepala lina, lakalelo n'kufuna kuyatsira mbaula.

Ndinamuletsa. Pepala limenelo ndalipinda, lili m'thumba la malaya. Wakabaza uja tikakumana amandikumbutsa za galasi lake, akuti ine ndi amene ndinamuuza kuti aponde. Sabata yamawa ndikamuonetsa. Zinalembedwa ndi mwana wa Folomu 4, m'Chingerezi, kuti pa njingapo panali mbuzi. Ndalama ya galasi akatenge kwa mwini wake.