Chitini cha komiti chili kwa ine

Kwathu kuno ku Neno, ukangotuluka pamsonkhano kuti ukadzithandize, pobwera umapeza uli ndi udindo. Ine ndinalandiridwa ndi m'manja ndi nthungululu, amfumu n'kunena kuti, "Bambo, msungichuma ndinu." Akuti chifukwa sindimwa mowa. Zoona zake n'zakuti sindimwa wogula ndekha.

Nkhani inali yokongoletsa gombe la mtsinje wa Lisungwi. Namondwe Ana atadutsa mu Januwale 2022, Freddy n'kudzatsiriza mu Malichi 2023, gombe lathu linatsala zigwembezigwembe. Dothi lomwe makolo anatisiyira linapita mu Shire, mwina pano lili ku Kapichira kukasokoneza magetsi omwe kunyumba kwanga sanafikeko. Tsono tinagwirizana zobzala mibawa, nsungwi ndi udzu wa vetiva, komanso kuumba mabenchi a simenti oti alendo azikhalapo. Nditafunsa kuti alendowo ndi ati, apampando anati adzabwera ndi phula. Tonse tinavomereza. Chipatukireni ku Mwanza mu 2003, kudikira phula ndi ntchito yomwe timaidziwa bwino.

Ndalama tinati tipeze ndi perekaniperekani. Apa ndiye ndinawadziwa anthu akwathu. Munthu amabwera ndi K1,000 imodzi, n'kuisinthitsa kukhala ma K20 okhaokha, kenako n'kuvina nyimbo yonse akuponya imodziimodzi, nkhope ili m'mwamba ngati mwini esiteti. Ine ndili chogwada m'fumbi, kutola ndalama pakati pa miyendo ya anthu, wina n'kundiponda chala. Titawerenga madzulo, tinalipira mnyamata wa zoimbira, petulo wa jenereta ndi zoziziritsa kukhosi za mlendo wolemekezeka, yemwe anapereka lonjezo lalikulu zedi. Lonjezolo ndikulisungabe bwinobwino m'kope.

Zotsalazo ndinazitsekera m'chitini, kudikira nyengo yobzala mitengo yomwe imayamba pa 15 Disembala. Mu Novembala 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Chitini sichinatsegulidwe, kiyi anali m'khosi mwangamu, koma matumba a simenti anachepa okha. Kafotokozereni zimenezi gogo amene anavina mpaka chitenje kumasuka! Mpaka lero akandiona amayang'ana nsapato zanga, ngakhale ndinazigula pakaunjika kalekale.

Ena analibe ndalama, anapereka zomwe anali nazo. Dengu la manachesi linatha komiti ikukambirana mtengo wake. Mayi wina anapereka nkhuku yathadzi, ndipo poti msungichuma ndine, inakagona kwathu. Inadya gaga wanga, inayenda ndi tambala wanga, n'kuyamba kuikira. Pamsonkhano wotsatira alembi anaimirira ndi nkhope yamaliro: "Apampando, mazira ali kuti?" Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka ngati dzira ndi la komiti kapena la mwini gaga. Mayi a kunyumba, omwe anali atakazinga kale umboni wonse, anangoti, "Bambo a ana, udindo wanuwu utithera mafuta."

Za mbuzi zomwe zinadya mbande zoyamba sindinenapo zambiri, poti ina mwa izo imandidziwa.

Tsiku loyeza malo, alangizi anabwera ndi chingwe, n'kunena kuti m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje musamalimidwe, ndi momwe mudutse mitengo. Tinawomba m'manja. Chingwe chinayenda, ife pambuyo, tikuloza madimba a anzathu n'kumapukusa mitu. Kenako chinakhota pang'ono n'kulowa pakati penipeni pa tomato wanga, wothirira ndi kheni, woti mawa lake ndikagulitse pa Zalewa.

Ndinakweza dzanja mwaulemu n'kupempha kuti, pofuna chilungamo, ntchitoyi iyambire tsidya linalo. Amfumu anandiyang'ana nthawi yaitali. Dimba lawo lili tsidya linalo.