Chitamando cha Nsomba za pa Luangwa

Mwa zonse zimene Namalenga anaika pansi pa thambo kuti zitumikire mwana wa munthu pa ulendo, palibe chimene chanyozedwa popanda mlandu monga fungo la nsomba zouma zimene amayi athu amagula pa mlatho wa Luangwa, n'kuzikankhira pansi pa mpando wa basi yopita ku Chipata. Msewu wochokera ku Lusaka ndi wautali, woposa makilomita 550, ndipo pamene basi yaoloka mtsinje m'dzuwa la mwezi wa Okutobala, dalaivala atakhuta nsima, tulo timabwera ngati mkamwini waulemu, mosagogoda. Pamenepo ndi pamene mlonda wathu wokhulupirika amadzuka m'thumba lake, nayenda mpando ndi mpando, kufikira atalowa m'mphuno za iye amene wagwira miyoyo yathu m'manja.

Anthu ophunzira a ku America anapeza kuti fungo la sinamoni ndi la timbewu totchedwa peppermint limathandiza woyendetsa galimoto kukhala maso. Kumenekonso, m'chaka cha 1952, Julius Sämann anapanga kamtengo ka pepala konunkhira kamene lero kamalendewera pa galasi la takisi iliyonse yopita ku Mwami. Koma tifunse moona mtima: kodi kamtengo kameneko, kamene kamazirala sabata isanathe, kangaime pamaso pa nsomba imodzi ya pa Luangwa? Akuti mphuno imazolowera fungo msanga, nileka kulimva. Ndithu amene ananena zimenezi sanakhalepo pa mpando wakumbuyo kuchokera ku Nyimba mpaka ku Katete, kumene bampu iliyonse imagwedeza thumba, fungo n'kubadwanso mwatsopano.

Chondikondweretsa koposa ndi mayi uja wa chitenje chatsopano, amene amatseka mphuno ndi mpango, nayang'ana anzake ndi diso la woweruza, nafunsa mokweza kuti, “Kodi ndani wanyamula zimenezi?” pamene thumba lalikulu koposa lili pakati pa mapazi ake omwe. Amayi, musadzivute, walira mvula walira matope, ndipo ife tonse tidzapempha ndiwo zomwezo madzulo ano.

Mdani weniweni alibe fungo konse. Mpweya wa poizoni wotuluka m'paipi yobooka ya injini umalowa mwakachetechete, nulemetsa mutu ndi zikope, koma mabwana ena a pa rodibuloko, amene mphuno zawo zimanunkhiza ndalama yopindidwa m'laisensi ngakhale zenera lili lotseka, paipi yotere saiona. Eni mabasi nawonso amabweza dalaivala pa msewu asanapume, ngati kuti Mulungu anampatsa iye yekha thupi losasowa tulo. Palibe fungo, lokoma kapena loipa, limene lingalowe m'malo mwa mphasa.

Chifukwa chake, inu amayi a ku Kapata ku Chipata, gulani nsomba zambiri, ndipo thumba musalimange kwambiri, pakuti mukutumikira mtundu. Koma inu eni mabasi, lembani dalaivala wachiwiri. Wantchito ayenera malipiro ake, ndipo nsomba yakugwirirani ganyu yaulere kwa zaka zokwanira.